Nsomba yatsopano itanyanyala chakudya

Inafika usiku, ili mu jumbo ya pulasitiki yomanga ndi labala, madzi pang'ono mpweya wambiri, jumboyo ili m'kabokosi koyera kosunga kutentha, kabokosiko kali pamiyendo pa mnzanga amene anaifungatira njira yonse kuchokera ku Lilongwe. Nsomba ya m'nyanja ya mchere yotchedwa copperband butterflyfish. Amene mumaonera mavidiyo a nsomba pa YouTube mukuidziwa, thupi loyera lonyezimira, mizere ya olenji yotsika kuchokera kumsana, kadontho kakuda chakumchira kooneka ngati diso lina, ndi mlomo wautali wosongoka woti munthu ukangouona umaiwala za mtengo. Mtengowo sindiutchula, madamu angamve.

Mu thanki yanga ya nsomba za madzi a mchere kuno ku Katoto, ku Mzuzu, munali kale tinsomba tina, ma clownfish awiri ndi ka damsel kabuluu kamodzi, ndipo amenewa pa nkhani ya kudya sanandivutitsepo, ukangogwira chivindikiro afika kale pamwamba kukamwa yasa. Nde ine ndinkangoti yatsopanoyi ikapuma ulendo idya. Mawa lake sinadye. Mkuja wake sinadye. Inapeza kona ya kumbuyo, kuseri kwa mwala waukulu, n'kukhala pomwepo mutu utaloza pansi, chakudya chikudutsa pamphuno pake iyo osatembenuka n'komwe.

Ukamauza anthu kuti sunagone chifukwa cha nsomba amakuseka, sinanga kuno nsomba ndi ndiwo, Nkhata Bay ili pompa. Wina ku ntchito anandiuza kuti aise ingoikazinga zithe, usanaluze zonse.

## Njira imene yayenda

Munthu ukaiona mu thanki umaiwala kumene yachokera. Copperband si ya kugombe la Mozambique kapena Tanzania ayi, kwawo ndi nyanja za ku Indonesia, Philippines mpakana kumpoto kwa Australia, ndipo zambiri zimene zimagulitsidwa ndi zochita kugwidwa m'nyanja momwemo, sizinabadwire mu thanki ngati ma clownfish ambiri a masiku ano. Clownfish yobadwira mu thanki yakula ikudya ma pellet, timibulu ta chakudya cha nsomba chogula, ikaona dzanja la munthu imadziwa kuti chakudya chafika. Iyi ikaona dzanja imakumbukira ukonde.

Komanso ogulitsa asanaipakire amaisiya dala ndi njala kuti isaipitse madzi mu jumbo. Kenako ndege, thanki ya wogulitsa wina, jumbo ina, ndege ina, nde pomaliza msewu wa M1 makilomita oposa 350, Kasungu, Jenda, ndi kuzizira kuja kwa mu Chikangawa. Nthawi yonseyi mu jumbomo nsomba ikutulutsa ammonia, poizoni wa m'zonyansa zake, mpweya woipa umene ikupuma ukutsitsa pH ya madzi (muyezo umene umatsika asidi akachuluka m'madzi), ndipo pH ikakhala yotsika ammonia uja sawotcha kwambiri, koma ukangomasula jumbo pH imayamba kukwera, madzi omwewo n'kusanduka poizoni. N'chifukwa chake nsomba yoyenda ulendo wautali suisiya nthawi yaitali m'madzi a mu jumbo ukatsegula. Pofika mu thanki yako imakhala itatheratu, m'mimba mulibe kanthu, zopumira zake zapsa pang'ono.

Palinso nkhani ina imene ndinkayesetsa kusaiganizira. Kumaiko amenewo kuli asodzi ena amene amapopera poizoni wotchedwa cyanide m'miyala ya m'nyanja kuti nsomba zikomoke azingotola. Nsomba yotero imatha kufika ikuoneka bwinobwino, mtundu uli waliwali, koma m'kati itawonongeka, imakana kudya kapena imadya n'kufabe pakapita masabata, ndipo palibe chimene ungaichitire. Usiku ukagona maganizo amathamangira komweko.

## Madzi kaye

Nsomba ikakana kudya usathamangire kusintha chakudya, yamba wayeza madzi. Mchere unali bwino, pakati pa 1.025 ndi 1.026 pa refractometer, kachida koyezera mchere m'madzi, ndiye kuti pafupifupi magalamu 35 pa lita iliyonse, ndipo tikamati mchere sitikunena wothira m'ndiwo, ndi uja wa m'chidebe wosakaniza kale ndi calcium, magnesium ndi zina, umene kuno timachita kuitanitsa ndipo transipoti yake yokha imakuliritsa. Ammonia 0, nitrite (poizoni wina wochokera ku ammonia) 0.

Vuto linali kuzizira. Unali mwezi wa June, ndipo a ku Mzuzu sindikufunika kukuuzani, tauni yathu ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,250, usiku kumatsika nthawi zina pansi pa madigiri 10, kamvula kowaza kaja kali pwatapwata mpaka masana. Nsomba za m'miyala ya coral zimafuna madzi a madigiri 24 mpaka 26, ndipo thupi la nsomba limatsatira madzi, madzi akazizira m'mimba mwakenso mumagwira ntchito pang'onopang'ono, njala imachepa. Hita ilipo, koma hita imadya magetsi, ndipo usiku wina magetsi atathima ndinadzuka themomita ikuloza 22. Kuyambira pamenepo akathima ndimafunditsa thanki bulangete, kutenthetsa madzi pa mbaula, kuthira m'mabotolo a pulasitiki otseka bwino n'kuwayandamitsa mu thanki, kapampu ka mpweya kali pa batire. Madzi anakhazikika pa 25. Nsomba osadyabe.

## Menyu yonse

Apa ndidutsa mwachangu chifukwa ndi mndandanda wa zolephereka basi. Ma pellet, ayi. Ma flake, ayi. Mysis wa mu fuliji (tinkhanu ting'onoting'ono ta m'madzi) amene aliyense pa intaneti amati copperband amamukonda, anadyedwa yense ndi ma clownfish mpaka mimba tuu. Ndinaswetsa mazira a brine shrimp, tinkhanu tina ta m'madzi a mchere, mu botolo la malita 2, madzi a mchere ndi kapayipi ka mpweya, amaswa pakatha maola 24 kapena kupitirira pang'ono kukazizira, tinatuluka tambirimbiri koma n'tating'ono kwambiri moti iyo sinationenso ngati chakudya. Adyo ndinayesanso, amene ambiri amalumbirira kuti amautsa njala ya nsomba. Ine maganizo anga adyo amathandiza mwini thanki kumva ngati akuchitapo kanthu, nyumba yonse inangonunkha.

Neba wanga anabwera ndi usipa wa fuleshi, akuti nsomba iliyonse imadya usipa. Ndinamuthokoza, tinadyera nsima madzulo ake. Timphutsi ta udzudzu ndinaganizako, poti timagwedezeka ndipo nsomba yochokera m'nyanja imakopeka ndi chinthu chamoyo, koma madamu atangoona ndowa ya madzi kuseri kwa nyumba anandifunsa kuti, "Bambo, mukufuna tiwete nsomba kapena malungo?" Ndowayo inakhuthulidwa tsiku lomwelo.

Ndipo chilichonse chimene chakanidwa umayenera kuchikoka ndi kapayipi chisanawole, chifukwa chakudya chowola ndi ammonia, ammonia ndiye amatsekeratu njala. Nde taganizani, dzanja kulowa kuika chakudya, dzanja kulowanso kuchotsa, tsiku lonse.

## Azakhali a ku Ekwendeni

Sabata ikupita kumapeto kunabwera azakhali kuchokera ku Ekwendeni, anali ndi zochita zawo m'tauni nde anagona kwathu. Madzulo amenewo pabalaza panali podzaza. Ine ndagwada kutsogolo kwa thanki ndi kasipuni, ana anga awiri mphuno zili pa galasi, ana a neba nawonso alipo poti mbiri inali itamveka kuti kuli nsomba yodula yosadya, wina wayatsa tochi ya foni kuunika kuseri kwa mwala kuti aione bwino. Azakhali anakhala pa mpando akumwa tiyi, kutiyang'ana nthawi yaitali osanena kanthu.

Kenako anafunsa, "Kodi imeneyi yabwera liti?"

Ndinawauza.

"Ndiye nonsenu mwaunjikana pamenepo mukuti idye?"

Ndinayamba kuwafotokozera za mysis, za mchere, za madigiri, iwo anangokweza dzanja. "Iwe mwana wa achimwene, tamvera. Ine nditangokwatiwa kwa ankolo ako, sabata yoyamba nsima ndinkangoitsina. Apongozi ali apo, alamu ali apo, aliyense maso ali pa dzanja langa kuona mmene ndikutemera mbamu. Njala inalipo, ndiwo zinali zabwino, koma pakhosi sipankadutsa kanthu. Ndinkakadyera kukhitchini anthu atabalalika. Mkamwana watsopano sadya anthu akumuyang'ana."

Ana anaseka, inenso ndinaseka, koma iwo sanaseke. Anatuma mwana wanga wamkulu kukatenga chitenje m'chikwama chawo, n'kumuuza kuti aphimbe galasi lonse, kutsogolo ndi m'mbali momwe. Ana a neba anauzidwa kuti kwada azipita. Ine ndinauzidwa kuti ndizimitse getsi la mu thanki ndikakhale pansi ngati munthu wamkulu. Mawu a azakhali sabwezedwa, nde ndinazimitsa, n'kuchepetsako pampu imene imakankha madzi.

M'mawa kusanache bwino ndinadzuka ndekha, osayatsa getsi la pabalaza, kuyenda chonyang'ama mpaka pa thanki, n'kusuzumira pa kampata kamene chitenje chinasiya pakona. Kuwala kunali kochokera pawindo basi. Nsomba ija inali itatuluka. Inkayenda pang'onopang'ono m'mbali mwa mwala, thupi litapendekeka, diso lili pa mwala, kenako n'kulowetsa mlomo uja m'kabowo, kuutulutsa, kusuntha pang'ono, kulowetsanso pena. Pamwamba pa madzi sinkayang'anako n'komwe, pakati pa madzi ayi, ntchito yake inali pa mwala. Ndinagwada pamenepo mpaka mawondo kuchita dzanzi pa simenti yozizira ija.

Ndili chigwadire ndinaonanso chachiwiri. Ka damsel kaja, kamene kutalika kwake sikafika olo theka la copperband, kanatulukira uko ngati kachita kuponyedwa, kukaigunda m'nthiti, kubwerera, kukaigundanso, mpaka mlendo uja anathawira kukona kwake mutu pansi. Masiku onsewa izi sindinazionepo, chifukwa munthu akaima pa galasi ka damsel kamakhala kutsogolo kupempha chakudya, kooneka kofatsa. Chipongwe kamachita kukakhala kulibe munthu.

## Mlomo uja si wokongoletsa

Zimene ndinaona pa kampata kaja zinasintha zonse zimene ndinkachita. Copperband kwawo imadya tinyongolotsi tokhala m'timabowo ta miyala, tinkhanu ting'onoting'ono ndi tizilombo tina tobisala m'ming'alu, mlomo wautaliwo ndi chida chozisolola. Ena amaigula dala kuti iwadyere Aiptasia, kachilombo kovutitsa kooneka ngati duwa kamene kamamera pa miyala mu thanki. Chinthu choyandama m'madzi, chosagwedezeka, chochokera kumwamba, kwa iyo si chakudya. Chakudya chimakhala m'bowo.

Ndinayamba ndi ka damsel. Amene munayesapo kugwira damsel mu thanki ya miyala mukudziwa, kaukonde sikathandiza, ndinachita kutulutsa miyala pafupifupi yonse kuika m'mabeseni, madamu ataima pakhomo manja m'chiuno kuyang'ana madzi a mchere pa simenti yawo. Kanapita mu thanki yaing'ono ya kuchipinda. Miyala pobwezera ndinaisanja mwina, kusiya mapanga awiri oti nsomba n'kulowa mbali iyi kutulukira inayo. Ena amamata kagalasi kodziyang'anira kunja kwa thanki kuti wovutitsayo azilimbana ndi chithunzi chake, zimathandiza masiku ochepa, koma ine nthawi yoyesa zimenezo ndinalibe, mimba ya mlendo inali itayamba kuphwa.

Kenako ma mussel, nkhono za m'nyanja ya mchere za zigoba ziwiri zija. Mnzanga yemwe uja anandipezera paketi ya mu fuliji ku Lilongwe, zopanda zokometsera zilizonse, n'kuitumiza mu cooler box. Ndinasungunula imodzi m'kapu ya madzi a mu thanki, kusiya nyama ili pa chigoba chake, kuichekacheka pang'ono ndi lezala kuti izinyotsoka, n'kuipanikiza pakati pa miyala pafupi ndi kona yake. Ma clownfish ndinayamba ndawakhutitsa mbali inayo. Chitenje n'kubwezera, ine n'kutuluka panja ndithu, kukaima pa khonde.

Ulendo woyamba ndinapeza mussel ili momwe ndinaisiyira, ndinaichotsa. Madzulo chimodzimodzi. M'mawa wotsatira ndili pa kampata kanga, inabwera, kuima patali pang'ono, kuiyang'ana ndi diso limodzi, kutembenuka kuiyang'ana ndi linalo, kubwerera m'mbuyo, kuzungulira mwala wonse ngati ilibe nazo ntchito, kubweranso. Kenako jomph. Inatsomphola kachidutswa kakang'ono zedi, kukalavula, kukatolanso kasanafike pansi, n'kumeza. Inaima kaye. Kenako inabwereranso, ulendo uno mwamphamvu mpaka chigoba kugwedezeka, ndipo phokoso la mlomo pa chigoba linkamveka kunja kwa galasi, tik, tik, tik.

Ndinkafuna kukuwa koma ndinadzigwira pakamwa, ndinakadzutsa madamu monong'ona, iwo anati, "Mwandidzutsira nsomba?" koma anabwera, tinasinthana pa kampata paja ngati ana. Azakhali anali atabwerera kale ku Ekwendeni, nditawaimbira anangoti, "Eya. Chitenje changacho usachinyowetse ndi mchere."

## Kuchoka pa chigoba

Kudya kamodzi si kuti nkhondo yatha, copperband yambiri imafa ndi njala pang'onopang'ono ikudya tochepa tosakwanira. Imafuna kudya pafupipafupi, pang'onopang'ono, katatu kapena kanayi pa tsiku, osati chimulu kamodzi. Komanso mussel yokhayokha si chakudya chokwanira, nde ndinayamba kuinamiza. Chigoba chikatha ndimachitsuka, kusinja prawn yaiwisi pamodzi ndi mysis ndi kanyama ka mussel, kumata phalalo m'chigobamo n'kuumitsa mu fuliji. Iyo imabwera poti chigoba ikuchidziwa, n'kumeza ndi mysis yemwe. Tinyongolotsi ting'onoting'ono ta m'dimba mopanda mankhwala, totsuka bwino n'kuduladula, imatikondanso zedi, kungoti m'madzi a mchere timafa msanga nde umaika tochepa.

Ma clownfish atazindikira za chigoba anayamba kulanda, nde ndinatenga kabotolo kakang'ono ka pulasitiki, kukaboola timabowo toti mlomo wautali wokha ndi umene ungalowe, kuikamo chakudya ndi kamwala kuti kamire. Ma clownfish amangozungulira kunja akudya fungo. Chitenje ndinkachitsegula pang'onopang'ono, lero mbali imodzi, pakapita masiku mbali ina, ndipo ana anapatsidwa lamulo loti kuonera nsomba ndi pa mpando, tochi ayi, kugogoda galasi ayi.

## Pamene chitenje sichingathandize

Ndisanamizepo anthu kuti nsomba iliyonse yosadya ikungochita manyazi. Nsomba yathanzi imatha kukhala masiku angapo, olo sabata, osadya n'kukhalabe bwino, bola ikusambira mowongoka, maso ali owala, ikuyang'anayang'ana pa miyala. Koma ikamapuma mothamanga, ikamadzikhula pa miyala, pathupi ndi pa zipsepse pakaoneka timadontho toyera, kapena ikamatulutsa chimbudzi choyera chonga ulusi, amenewo ndi matenda, ich (wa timadontho toyera uja) kapena tizilombo ta m'zopumira ndi m'matumbo, ndipo ikufunika mankhwala mu thanki yapadera, chifukwa mankhwala a copper amapha nkhono, nkhanu ndi coral, komanso amalowerera m'miyala. Pamwamba pa mutu, kuseri kwa maso, pakayamba kulowa m'kati ngati pafinyidwa, ndiye kuti njala yafika patali, zambiri zikafika pamenepo sizibwerera. Pa copperband yang'ananinso mlomo, ukavulala mu jumbo kapena pa ukonde nsombayo olo ifune kudya singathe.

Za thanki yapadera yolandirira nsomba yatsopano anthu amakangana, ena amati thanki yopanda kanthu yokhala ndi mapayipi a PVC okha imaipatsa copperband mantha ena, poti ilibe mwala woti ijomphe. Ine ndili mbali ya oti ikhalepo, koma muikemo mwala umodzi wa mabowo umene simudzaubwezeranso mu thanki yaikulu mukathira mankhwala. Mlendo amaphunzira kudya popanda womulanda, ndipo ngati wabwera ndi matenda sapatsira anzake.

Ndipo kwa ife ogula nsomba tili kutali, osaiona ndi maso, wogulitsa akutumizireni vidiyo pa WhatsApp nsombayo ikudya, imeneyo yeniyeniyo osati inzake, ndipo akuuzeni chimene ikudyacho kuti mukhale nacho mu fuliji isanafike. Akayamba kuzungulira kuti idya ikafika kwanu, sungani ndalama yanu. Ngati ndi thanki yanu yoyamba ya madzi a mchere copperband isiyeni kaye, imakula kufika masentimita 20, imafuna thanki ya malita pafupifupi 300 imene yakhalitsa miyala yake ili ndi tamoyo, yambani ndi clownfish.

Yangayi pano mysis ikumadya ali m'madzi, imachita kuthamangitsana ndi ma clownfish, ndipo ndikalowa pabalaza imabwera kutsogolo m'malo mothawa. Ma pellet mpaka lero imawalavula. Ka damsel kakadali kuchipinda, mnyamata wina wa ku Luwinga amene akuyamba thanki yake akuti adzakatenga mwezi ukatha, ndamuuza kale khalidwe lake koma akuti iye wakonda mtundu wabuluuwo. Ma mussel atsala ochepa mu fuliji, ndipo mnzanga wa ku Lilongwe uja wanena kuti ulendo uno cooler box ndigule yanga.